Mmene maligi a ana osambira ku America amapezera akatswiri awo

Sukulu zikangotsekera m'mwezi wa Juni ku America, maiwe osambiramo a m'madera okhala anthu amasanduka mabwalo a masewero. Maiwe ambiri amakhala ndi timu yawoyawo ya ana, ena a zaka zisanu ndi chimodzi amene angophunzira kumene kuwoloka dziwe, ena a zaka 18 amene akumaliza sekondale. Matimuwo amagwirizana n'kupanga ligi. Nyengo yake ndi yaifupi kwambiri. Zokonzekera zimayamba chakumapeto kwa Meyi, mipikisano imayamba pakati pa Juni, ndipo pomafika kumayambiriro kwa Ogasiti zikho zimakhala zitaperekedwa kale.

Maligi awiri odziwika bwino ali pafupi ndi mzinda wa Washington. Northern Virginia Swimming League, imene anthu amangoti NVSL, inayamba mu 1956 ndipo ili ndi matimu opitirira 100 ogawidwa m'madivishoni 17. Kutsidya kwa mtsinje wa Potomac, ku Maryland, kuli Montgomery County Swim League kapena kuti MCSL, ya matimu pafupifupi 90. Katie Ledecky, amene anatenga mendulo yagolide pa Olimpiki ya ku London mu 2012 ali ndi zaka 15, anayambira kusambira mu ligi imeneyi ndi timu ya Palisades ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi. Maligi awiriwa ndi oyandikana, kasambiridwe n'kamodzi, koma kawerengedwe ka mapointi n'kosiyana, ndipo kusiyanako ndi kumene kumanena kuti timu yopambana ikhala yotani: ya ana awiri atatu othamanga zedi, kapena ya ana ambiri othamanga bwino pang'ono.

Maloweruka asanu

Divishoni iliyonse imakhala ndi matimu asanu ndi imodzi a mphamvu zofananako. Timu iliyonse imakumana ndi inzake kamodzi, ndiye kuti maloweruka asanu otsatizana, m'mawa. Ana amapikisana motengera msinkhu, anyamata paokha atsikana paokha: a zaka 8 kutsika m'munsi, 9 mpaka 10, 11 mpaka 12, 13 mpaka 14, ndi 15 mpaka 18. Zaka zimawerengedwa pa 1 Juni. Mwana amene akwanitse zaka 11 pa 2 Juni adzasambira nyengo yonse ngati wa zaka 10, pamene mnzake wobadwa pa 31 Meyi chaka chomwecho wakwera kale msinkhu wina. Makolo amadandaula nazo chaka ndi chaka, koma tsiku lina lililonse limene ligi ikanasankha likanapweteka wina.

Tsiku la mpikisano limagawidwa m'ndime. Ndime imodzi ndi, mwachitsanzo, atsikana a zaka 11 mpaka 12, mamita 50, kusambira chagada. Masambiridwe alipo anayi: freestyle imene mwana amasambira mmene wafunira, backstroke imene ndi yachagada ija, breaststroke yokankha miyendo ngati chule, ndi butterfly yoponya mikono yonse iwiri kutsogolo limodzi. Dziwe limakhala la mamita 25, choncho ana aang'ono amaliwoloka kamodzi, okulirapo amapita ndi kubwera. Palinso ndime zopatsirana, za ana anayi pa timu, amene amasambira motsatizana, wina akafika mnzake n'kuyamba.

Ku NVSL kuli ndime 40 za mwana payekha ndi 12 zopatsirana. Timu iliyonse imaika ana atatu pa ndime, ndipo mwana mmodzi sangapitirire ndime ziwiri zapayekha. Woyamba amapeza mapointi 5, wachiwiri 3, wachitatu 1. Pa zopatsirana opambana amatenga 5, ogonja sapeza kanthu. Mukaphatikiza, 40 kuchulukitsa ndi 9 ndi 360, kuwonjezerapo 60 a zopatsirana, onse pamodzi 420. Timu yofika pa 211 yapambana. Ku MCSL malo asanu ndi amene amapeza mapointi, 6, 4, 3, 2 ndi 1, ndipo tsiku lonse limakhala ndi mapointi 792.

Taonani mmene zimasinthira zinthu. Tiyerekeze kuti timu ina ili ndi mwana mmodzi wosagonjetseka, koma anzake awiri ndi ofooka. Ku NVSL mwanayo akapambana, timu yake yatenga 5, ndipo anzawo ngakhale atenge malo achiwiri ndi achitatu apeza 4 basi. Ku MCSL mwana yemweyo abweretsa 6, mnzake atakhala wachisanu awonjezera 1, onse 7, pamene timu yotenga malo achiwiri, achitatu ndi achinayi ipeza 9. Ana ndi omwewo, liwiro ndi lomwelo, koma wopambana ndimeyo wasintha.

Ana amene sanasankhidwe kusambira Loweruka ali ndi mipikisano yawo ya madzulo mkati mwa sabata, yopanda mapointi. Imeneyi si yongosangalatsa ana chabe. Nthawi zimene amapeza kumeneko zimalowa pa mndandanda wa timu, ndipo kochi amayang'ana mndandanda womwewo posankha ana a Loweruka lotsatira.

Ndani alowe mu mpikisano womaliza

Maloweruka asanu akatha pamabwera Divisionals, tsiku limene matimu onse asanu ndi imodzi amakumana pa dziwe limodzi. Ntchito yaikulu ya tsikuli imachitika lisanafike, papepala. Kawirikawiri timu imaloledwa ana awiri pa ndime iliyonse, ndiye kuti ana 12 pa ndime. Maligi ambiri amafunanso kuti mwana akhale atasambirapo mu mpikisano wa ligi nyengo yomweyo, n'cholinga choti timu isakatenge katswiri wa kalabu ina tsiku lomaliza. Nthawi imene amamulembetsera iyenera kukhala yoti anaipezadi nyengo imeneyo, osati yongoganizira kochi.

Apa ndi pamene makochi amasowa tulo. Mtsikana amene ali patsogolo pa masambiridwe onse anayi sangasambire onse, chifukwa pali malire a ndime za mwana mmodzi. Nzeru yake si kumuika pamene iye amathamanga kwambiri, koma pamene kusowa kwake kungataye mapointi ochuluka. Ngati pa freestyle timu ili ndi mtsikana wina amene angathe kukhala wachiwiri, pamene pa breaststroke wotsatira wake angakhale wa nambala 9, katswiri uja apite ku breaststroke, ngakhale freestyle ndiyo imene amaikonda. Kumufotokozera mwana wa zaka 12 ndi makolo ake zimenezi kumafuna mtima woleza, ndipo kochi wabwino amafotokoza mndandanda usanatuluke, osati utapachikidwa kale.

Timu ikasowa ana pa msinkhu wina, monga anyamata a zaka 15 mpaka 18 amene ambiri amakhala atayamba maganyu, maligi ambiri amalola kukweza mwana wamng'ono kuti akasambire ndi akuluakulu. Kutsitsa wamkulu n'kosaloledwa. Vuto lina limabwera m'maligi amene maiwe ena anamangidwa m'mayadi ena m'mamita. Mayadi 25 ndi mamita 22.86 okha, choncho nthawi ya m'mayadi imaoneka yabwino kuposa mmene ilili. Maligi ambiri amaichulukitsa ndi 1.11, moti masekondi 30.00 a m'mayadi amakhala 33.30. Wolowetsa mayina mu kompyuta akaiwala kusonyeza mtundu wa dziwe, mwana amaikidwa m'gulu la othamanga kuposa iye, ndipo wina woyenera malowo amatsitsidwa.

Magulu ndi tinjira

Dziwe limagawidwa ndi zingwe zoyandama kukhala tinjira tisanu ndi kamodzi, choncho ana 12 amalowa m'madzi m'magulu awiri. Asanu ndi mmodzi a nthawi zotsalira amayamba, othamanga kwambiri amabwera pambuyo. M'gulu lililonse wothamanga koposa amaikidwa kanjira 3, wotsatira 4, kenako 2, 5, 1 ndi 6. Pa dziwe la tinjira 8 dongosolo lake ndi 4, 5, 3, 6, 2, 7, 1, 8. Pakati ndi pamene mafunde obwerera kuchokera ku zipupa amachepa, komanso mwana amatha kuona opikisana naye mbali zonse ziwiri.

Chimene chimasokoneza makolo atsopano n'chakuti palibe kusambira kachiwiri. Aliyense amasambira kamodzi, kenako nthawi za magulu onse awiri zimaikidwa pamodzi. Mwana akhoza kukhudza chipupa woyamba m'gulu lake, n'kutuluka akudumpha ndi chimwemwe, zotsatira n'kudzamuonetsa ali wa nambala 7. Zimathekanso kuti wa m'gulu loyamba apose ena a m'gulu lachiwiri, ndipo akatero amatenga malowo popanda mkangano.

Kuti ana mazana angapo afike pa kanjira koyenera nthawi yoyenera, pamakhala malo osonkhanitsira okhala ndi mabenchi kapena mipando yondandalika. Woyang'anira malowa amaitana ana ndime ziwiri kapena zitatu nthawi yawo isanakwane, n'kuwakhazika motsatira tinjira. Ana aang'ono amawalemba pamkono ndi cholembera chosafufutika manambala atatu: ndime, gulu, kanjira. Cholakwika chimene chimachitika kawirikawiri ndi ana awiri kusinthana malo osadziwa. N'chifukwa chake wogwira wotchi ayenera kufunsa mwana kuti "dzina lako ndani?" asanalowe m'madzi, osati kumuwerengera dzina lolembedwa pa khadi, chifukwa mwana wa zaka zisanu ndi ziwiri amene ali ndi mantha amangovomera dzina lililonse.

Mawotchi atatu

Maiwe ambiri a m'madera alibe zipangizo zamagetsi zoyezera nthawi. Amene amayeza ndi makolo ongodzipereka, atatu pa kanjira kalikonse, ochokera m'matimu osiyanasiyana. Pa tinjira tisanu ndi kamodzi ndiye kuti anthu 18, kuwonjezerapo wamkulu wawo amene amayambitsa mawotchi apadera pa gulu lililonse. Mukaphatikiza woyimbira mpikisano, woyambitsa, oweruza, olemba zotsatira, woulutsa mawu ndi osunga bata, anthu amafika pafupifupi 40, ndipo pafupifupi onse salipidwa.

Woyimbira amaimba wezulo mwachidule kangapo kuti ana akonzeke, kenako kamodzi motalika kuti aime pamalo. Woyambitsa akanena kuti "take your marks" ana amawerama n'kukhala chete osasuntha, ndipo makina amalira nthawi imodzimodzi ndi kuthwanima kwa getsi. Wotchi imayambitsidwa poona getsilo, osati pomva kulira. Phokoso limayenda mamita pafupifupi 340 pa sekondi. Pa ndime za mamita 25 ogwira mawotchi amaima mbali inayo ya dziwe, ndipo phokoso limawafika mochedwa ndi masekondi pafupifupi 0.07. Zikuoneka zochepa, koma malo amasiyana ndi zocheperapo kuposa pamenepo. Pomaliza, wogwira wotchi aime m'mphepete penipeni, awerame, aone dzanja likukhudza chipupa. Amene akuopa kunyowa nsapato amayeza molakwika.

Nthawi yovomerezeka ndi yapakati pa zitatuzo. Mawotchi akaonetsa 34.21, 34.28 ndi 34.35, mwanayo wasambira 34.28. Awiri akafanana, nthawi ndi imeneyo. Ubwino wotenga yapakati umaoneka wina akachedwa kudina: pa 34.21, 34.28 ndi 35.90 nthawi ikadali 34.28, pamene kuphatikiza zonse n'kugawa patatu kukanamulanda mwanayo theka la sekondi. Wotchi imodzi ikakanika, ogwira ake amakweza dzanja msanga kuti wamkulu uja abwere ndi yapadera. Zikatsala ziwiri zokha, amaziphatikiza n'kugawa pawiri.

Oweruza ndi zimene zimachotsetsa mwana

Mbali zonse za dziwe kumaima oweruza, aliyense ndi tinjira take. Pa freestyle malamulo ndi ochepa: mwana akhudze chipupa potembenuka ndi pomaliza, asayende pansi, asadzikoke ndi chingwe. Pa backstroke amalize ali chagada. Ana aang'ono ambiri amatembenuka chafufumimba kufunafuna chipupa poopa kuomba mutu, ndipo akatero achotsedwa. Timbendera timene timapachikidwa mamita asanu kuchokera ku chipupa tili pamenepo kuti mwana awerenge kuti atsala ndi mikono ingati. Timbenderato tikapachikidwa pamtunda wolakwika, ana ambiri amaphonya tsiku limenelo, choncho woyimbira ayese ndi tepi mpikisano usanayambe.

Breaststroke ndi butterfly ndiwo amachotsetsa ana ochuluka. Pa onse awiri manja awiri akhudze chipupa nthawi imodzi. Pa breaststroke miyendo ikankhe pamodzi mapazi ataloza kunja, osati kupalasa mosinthanitsa, ndipo manja asapitirire m'chiuno kupatula kukoka koyamba pochoka pa chipupa. Pa butterfly mikono yonse iwiri ituluke pamwamba pa madzi limodzi. Mwana akatopa mikono imayamba kudutsa pansi pa madzi, ndipo ndi cholakwa chimene oweruza amachiona kwambiri m'mamita omaliza. Pa Divisionals pamakhalanso ndime ya mamita 100 imene mwana mmodzi amasambira onse anayi, kuyamba butterfly, backstroke, breaststroke, kumaliza freestyle. Pa zopatsirana zosakaniza dongosolo ndi lina: backstroke imayamba, chifukwa wake amayambira m'madzi, kenako breaststroke, butterfly ndi freestyle.

Woweruza akaona cholakwa amakweza dzanja nthawi yomweyo, n'kulemba pa kapepala. Koma iye samaliza nkhani. Woyimbira amamufunsa zimene waona, pamene anaima, ndi lamulo limene laphwanyidwa, ndipo ngati yankho silikumveka bwino amakana. Mfundo imene oweruza onse amaphunzitsidwa ndi yakuti pakakhala chikayiko, mwana akhululukidwe. Woweruza anene zimene waona, osati zimene akuganiza kuti zinachitika pansi pa thovu.

Pa zopatsirana, mapazi a wolandira asachoke pansi mnzake asanakhudze chipupa. Oweruza awiri amayang'ana kusinthana kulikonse, wina pa kanjira, wina cha m'mbali. Amayamba kuyang'ana mapazi, akangochoka m'pamene amatsitsa maso kuona ngati dzanja lafika. Aliyense amalemba payekha osapatsana zizindikiro, ndipo timu imachotsedwa pokhapokha onse awiri atalemba zofanana. Pamene aliyense akusambira mamita 25, wachiwiri ndi wachinayi amayambira mbali ina ya dziwe imene nthawi zambiri imakhala yosaya. Kumeneko sadumphira, amayambira m'madzi dzanja lili pa chipupa, kuopa kuvulala khosi.

Makolo saloledwa kupita kwa woweruza. Dandaulo limadutsa kwa nthumwi ya timu, imene imalankhula ndi woyimbira. Kulakwitsa kuwerengetsa kapena kutanthauzira lamulo molakwika kumakonzedwa. Zimene woweruza waona ndi maso ake nthawi zambiri sizisinthidwa, ngakhale kholo litabwera ndi kanema wa pa foni.

Kukamveka bingu kapena kukang'anima mphezi, onse amatuluka m'madzi, ndipo amadikira mphindi 30 kuchokera pa bingu lomaliza. Lina likagunda, kuwerenga kumayambiranso.

Mapointi a tsiku lomaliza

Pamene ana ali 12 pa ndime, kawerengedwe kofala ku America, kamenenso MCSL imagwiritsa ntchito pa Divisionals, ndi aka: 16, 13, 12, 11, 10, 9 kwa asanu ndi mmodzi oyambirira, kenako 7, 5, 4, 3, 2, 1. Ndime iliyonse ili ndi mapointi 93. Pamene malo opeza mapointi ali 16, woyamba amapeza 20, wachiwiri 17, kumatsika mpaka 1. Zopatsirana zimakhala ndi mapointi ochuluka, m'maligi ambiri kuwirikiza kawiri a mwana payekha, choncho phazi limodzi lochoka msanga likhoza kutaya zimene ana awiri akanazipeza m'ndime yonse.

Popeza ana ndi 12 ndipo malo opeza mapointi ndi 12, aliyense womaliza mosaphwanya lamulo wabweretsa kanthu. Kanjira kopanda munthu ndi pointi yotayika. Timu imene mwana wake wapambana koma mnzake wakhala womaliza imapeza 16 ndi 1, onse 17. Timu imene ana ake akhala wachinayi ndi wachisanu imapeza 21, ngakhale palibe amene wakwera pa nsanja. Zimenezi zikachitika m'ndime makumi angapo, chikho chimapita kwa timu imene mayina a ana ake sanamveke kwambiri pa chimkuzamawu. M'maganizo athu kawerengedwe kameneka n'koyenera ligi ya ana, chifukwa mwana wa nambala 9 akamenyera kuti akhale wa nambala 8 amakhala akugwiradi ntchito ya timu, ndipo anzake amadziwa zimenezo.

Ana awiri akafanana nthawi, mapointi a malo awiriwo amaphatikizidwa n'kugawidwa pakati. Ofanana pa malo achiwiri amagawana 13 ndi 12, aliyense 12.5, ndipo wotsatira amakhala wachinayi ndi 11. N'chifukwa chake zotsatira za matimu nthawi zina zimathera ndi theka. Wina akachotsedwa, onse a pambuyo pake amakwera malo amodzi. Pa tebulo la zotsatira pamene pamalakwika kawirikawiri ndi pomwepa: kapepala kochotsa mwana kamafika mochedwa zotsatira zitalengezedwa kale. Olemba asatseke ndime woyimbira asanatsimikize kuti palibe kapepala kamene kakubwera, ndipo munthu wachiwiri, wa timu ina, aziwerenganso nthawi zonse zolowetsedwa mu kompyuta pozifananiza ndi makhadi a mawotchi. Kulemba 43.28 m'malo mwa 34.28 kumachotsa mwana pamwamba kumuika pansi penipeni.

Akatswiri a divishoni

Apa maligi awiri aja amasiyananso. Ku NVSL akatswiri a divishoni ndi timu imene yapambana maloweruka ochuluka. Divisionals ilibe mapointi a timu, ndi tsiku la mwana payekha, ndipo ntchito yake yaikulu ndi kusankha opita ku All-Stars. Nthawi za m'madivishoni onse 17 zimaikidwa pamodzi, ndipo 18 othamanga koposa pa ndime iliyonse amaitanidwa sabata yotsatira, magulu atatu a ana asanu ndi mmodzi. Kupambana ndime m'divishoni yako sikukupatsa malo. Wachisanu wa mu divishoni yoyamba akhoza kupita, woyamba wa mu divishoni 15 n'kutsala. Woitanidwa akalephera kubwera, timu yake inene msanga kuti wotsatira pa mndandanda alowe.

Ku MCSL zonse zimaphatikizidwa. Kupambana Loweruka limodzi kumapatsa mapointi 6 a ligi. Tsiku la zopatsirana zokhazokha, limene amalitcha Relay Carnival, limapatsa 10, 8, 6, 4, 2 ndi 0 malinga ndi malo. Divisionals imapatsa 20, 16, 12, 8, 4 ndi 0. Timu yopambana maloweruka onse asanu ili ndi 30, koma ikakhala yachitatu pa masiku awiri enawo imathera pa 48. Imene inagonja kamodzi ili ndi 24, ndipo ikapambana masiku onse awiriwo imafika pa 54 n'kutenga chikho. Choncho ku Maryland makochi amasunga mphamvu za ana ndi kuchepetsako zokonzekera sabata ya Divisionals ali ndi timu yonse m'maganizo, pamene ku Virginia nkhondo ya matimu imakhala itatha kale Loweruka lachisanu.

Nyengo ikatha matimu amasanjidwanso, ena kukwera ena kutsika, monga zimakhalira m'maligi a mpira wamiyendo, koma pano sikuti wopambana amakwera basi. Ku NVSL kuli komiti imene imaunika zotsatira ndi nthawi za ana isanaike matimu m'madivishoni a chaka chotsatira. MCSL imagwiritsa ntchito kompyuta kupikisanitsa timu iliyonse ndi matimu ena onse a mu ligi potengera nthawi zimene ana anasambiradi nyengo imeneyo, ndipo mndandanda umene watuluka umadulidwa m'magulu a matimu asanu ndi imodzi, kuyambira divishoni A kutsika m'munsi.